Khutu la Mjeremani ndi Khutu la Mfalansa m'Mbiri ya Kalembedwe ka Chichewa

Mawu oyamba

Tsiku la Lamulungu m'mawa, munthu woyenda m'njira za ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Bangwe amamva nyimbo zochokera m'matchalitchi oyandikana. M'tchalitchi cha CCAP akhristu amatchula dzina loti "Yesu", pamene m'tchalitchi cha Katolika amati "Yezu". Anthuwa amayankhula chiyankhulo chimodzi, amagula pamsika umodzi, ndipo ana awo amakhala m'kalasi imodzi. Komabe lembo limodzi lakhala likusiyanitsa mabuku awo a mapemphero kwa zaka zoposa 100. Gwero la kusiyanaku lili kutali, m'makutu ndi m'malilime a alendo amene anayamba kulemba chiyankhulochi.

Anthu ambiri akamakamba mbiri ya kalembedwe ka Chichewa amakumbukira amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa Blantyre Mission m'chaka cha 1876, makamaka David Clement Scott, mlembi wa mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa m'chaka cha 1892. Nzoona kuti ntchito yawo inali yaikulu. Koma pali ziyankhulo zina ziwiri za ku Ulaya zimene zinaponda m'munda womwewu, zomwe ndi Chijeremani ndi Chifalansa. Nkhani ino ikufananiza ziyankhulo ziwirizi pa maliwu, pa malembo ndi pa kapangidwe ka mawu atsopano, ndipo ikulondola mapazi amene chilichonse chinasiya m'Chichewa.

Anansi osiyana mtundu

Maiko a France ndi Germany anachita malire, koma ziyankhulo zawo nzochokera m'mabanja osiyana. Chifalansa chinabadwa kuchokera ku Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale, ndipo abale ake ndi Chitaliyana, Chisipanishi ndi Chipwitikizi chimene chimamveka ku Tete ndi ku Niassa. Chijeremani chili m'banja limodzi ndi Chingerezi ndi Chidatchi. Kusiyanaku kunaonekera poyera m'chaka cha 842 mumzinda wa Strasbourg, pamene mafumu awiri apachibale, Louis ndi Charles, adzukulu a Charlemagne, anapangana zothandizana pankhondo. Aliyense analumbira m'chiyankhulo cha asilikali a mbale wake kuti amve okha: Louis m'chiyankhulo chimene chinadzasanduka Chifalansa, Charles m'Chijeremani chakale. Malumbiro amenewa ndiwo amawerengedwa kuti ndi chikalata chakale koposa cha Chifalansa.

M'malamulo a chiyankhulo namonso muli kusiyana. Chifalansa chimagawa mayina m'magulu awiri, lachimuna ndi lachikazi, pamene Chijeremani chimaonjezera gulu lachitatu lapakatikati. Dzuwa ndi lachimuna kwa Mfalansa koma lachikazi kwa Mjeremani, ndipo mwezi nawo ndi wachikazi kwa Mfalansa koma wachimuna kwa Mjeremani. M'Chijeremani kamawu kotsogolera dzina kamasintha malinga ndi ntchito ya dzinalo m'chiganizo, ndipo m'nthambi yosaima payokha mneni amakankhidwira kumapeto. Chifalansa chimadalira kandandalikidwe ka mawu, ndiko kuti mwininkhani, mneni, kenaka pamtherankhani, monga momwe Chichewa chimachitira kawirikawiri.

Mpweya wa p, t ndi k

Kwa mlembi wa Chichewa kusiyana kofunika koposa kuli pa maliwu. Chichewa chimasiyanitsa maliwu atatu oyandikana: "bala", "pala" ndi "phala" ndi mawu atatu a matanthauzo atatu. Momwemonso "ponya" si "phonya", ndipo "kola" si "khola". Lembo la h m'mawu amenewa limaimira kampweya kamene kamatuluka pambuyo pa p, t kapena k.

Chifalansa ndi Chijeremani zimasiyanitsa maliwu awiri okha pamalo amenewa, koma chilichonse chimadula malire pakepake. Mfalansa amatchula p, t ndi k popanda mpweya, ndipo b, d ndi g amazitchula ndi liwu lomveka bwino lapakhosi, monga m'mawu oti "pas" ndi "bas". Choncho iye amamva msanga kusiyana kwa "bala" ndi "pala", koma "pala" ndi "phala" zimamumvekera chimodzimodzi. Mjeremani amatchula p, t ndi k ndi mpweya, pamene b, d ndi g zake zimakhala zofooka liwu, makamaka kummwera kwa dzikolo. Iye amazindikira "Pass" ndi "Bass" poyang'anira mpweyawo. Akamva "phala" amaganiza kuti wamva p wake, ndipo akamva "pala" khutu lake limamuuza kuti ndi b.

Maliwu ena a Chichewa ndi achilendo kwa mmodzi koma odziwika kwa mnzake. Liwu la ts la m'mawu oti "tsiku" Mjeremani ali nalo, ndipo amalilemba z. Liwu la ng' la m'mawu oti "ng'ombe" limamveka pakati pa mawu oti "singen". Mfalansa alibe maliwu amenewa m'mawu a makolo ake, koma ali ndi ny wa m'mawu oti "nyama", yemwe amamulemba gn. Vuto lake lina ndi lakuti n kapena m akatsatira lembo la liwu, iye amameza lembolo ndi kutulutsira liwu m'mphuno, kotero kuti mawu ngati "manda" kapena "bambo" amamuvuta kuwadula m'maphatikizo oyenera.

Malembo ofanana, ntchito zosiyana

Ziyankhulo zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito malembo a Chilatini, koma zinawapatsa ntchito zosiyana. Lembo la j Mjeremani amaliwerenga ngati y, nchifukwa chake dzina la nyanja analilemba "Njassa", pamene Mfalansa analemba "Nyassa". Lembo la w kwa Mjeremani ndi v. Mfalansa akafuna liwu la u kapena w amalemba ou, monga m'dzina loti Ouagadougou. Malembo a ch Mfalansa amawatchula sh, pamene Mjeremani amawatchulira kukhosi kapena kunkhama. Pofuna kulemba liwu loyamba la mawu oti "Chichewa", Mfalansa amasonkhanitsa malembo atatu, tch, ndipo Mjeremani anayi, tsch: dziko limodzi lomwelo ndi Tchad kwa wina, Tschad kwa mnzake.

Kalembedwe ka Chijeremani kamayandikira katchulidwe, moti wophunzira akadziwa ntchito ya lembo lililonse amatha kuwerenga mawu achilendo. Chifalansa chimasunga malembo a mbiri yakale amene anasiya kutchulidwa. Mawu oti "eau", "eaux", "au" ndi "haut" onse amamveka o. Lembo la h silitchulidwa, th ndi t wamba, ndipo ph ndi f. Mfalansa wosaphunzitsidwa akaona "phala" adzawerenga "fala". Ophunzira a m'sukulu za sekondale za mu Blantyre amene amatenga Chifalansa amakumana ndi msampha womwewu chotembenuza akafika pa mawu ngati "pharmacie", "thé" ndi "chat".

Mapazi a Ajeremani

Ena mwa mawu a Chichewa oyamba kusindikizidwa anamveka ndi makutu a Ajeremani, kutali ndi dziko la eni ake. Sigismund Koelle, mmishoni wa ku Württemberg wogwira ntchito ku Freetown m'dziko la Sierra Leone, anafunsa anthu omasulidwa mu ukapolo mawu a ziyankhulo zawo. M'buku lake la Polyglotta Africana la m'chaka cha 1854 muli mawu a munthu wotchedwa Mateke, amene chiyankhulo chake chinatchedwa cha Amaravi. M'chaka cha 1856 Wilhelm Bleek wa ku Berlin anasindikiza mawu a ziyankhulo za ku Mozambique, kuphatikizapo za ku Tete, ku Sena ndi za Amaravi.

Ntchito yaikulu koposa inali ya Johannes Rebmann, wobadwira ku Gerlingen pafupi ndi Stuttgart m'chaka cha 1820, amene anatumikira pafupi ndi Mombasa. Kumeneko, m'chaka cha 1853, anakumana ndi Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuchokera kudera la Mphande, m'chigawo chomwe tsopano ndi chapakati cha Malawi. Awiriwa anasonkhanitsa mawu amene anadzatuluka m'chaka cha 1877 m'buku lotchedwa Dictionary of the Kiniassa Language, Rebmann atamwalira kale, mothandizidwa ndi mnzake Ludwig Krapf. M'bukuli mumapezeka kawirikawiri b ndi d pamene mlembi wa lero akadaika p ndi t. Mwachitsanzo "mtunda" analembedwa "mdunda". Salimini sanalakwitse katchulidwe. Khutu la munthu wa kummwera kwa Germany ndilo linamva t wopanda mpweya ngati d. Wowerenga akazindikira chinsinsi chimenechi, bukuli limasanduka nkhokwe ya Chichewa cha zaka za m'ma 1840.

Ajeremani anasiyanso njira yofufuzira ziyankhulo. Richard Lepsius anakonza ndondomeko ya malembo m'chaka cha 1855 pa mfundo yoti liwu limodzi likhale ndi chizindikiro chimodzi. Bleek ndiye anapatsa banja la ziyankhulozi dzina loti Bantu ndi kuyamba kuwerenga magulu a mayina ndi manambala, ntchito imene Carl Meinhof anaikuza kuyambira m'chaka cha 1899. Magulu amene mwana wa ku Machinjiri amaloweza ngati Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma ndi Chi-Zi ndi omwewo amene akatswiri amawatcha 1 ndi 2, 3 ndi 4, 5 ndi 6, 7 ndi 8. Diedrich Westermann naye anatsogolera ntchito ya bungwe la ku London lofufuza ziyankhulo za mu Africa, limene mu 1927 ndi mu 1930 linalimbikitsa lembo la c pa liwu la ch.

Komabe mawu a Chijeremani sanalowe m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, chifukwa Ajeremani sanalamulire dziko lino. Ku Tanganyika, kumene analamulira, Chiswahili chinatola "shule" kuchokera ku "Schule" ndi "hela" kuchokera ku ndalama yotchedwa "Heller". Chichewa chinatola "sukulu" ku Chingerezi.

Mapazi a Afalansa

Afalansa anabwera mochedwerapo, koma iwo anakhala pakati pa anthu. Ansembe a White Fathers, chipani chimene Charles Lavigerie anayambitsa m'chaka cha 1868 ndi lamulo loti wansembe aphunzire chiyankhulo cha anthu ake, anafika kwa Mponda mu 1889 ndipo anachokako mu 1891. Anabweranso ndi kutsegula Mua mu 1902 ndi Kachebere mu 1903. Kummwera kunafika ansembe a Montfort, amene anayamba ku Nzama mu 1901 ndi ku Nguludi mu 1903. Louis Auneau, Mfalansa, anakhala episkopi wa chigawo cha Shire kuyambira mu 1910. M'zipani zimenezi munalinso Adatchi ndi anthu a ku Canada, koma chiyambi chake ndi chiyankhulo cha akuluakulu ake oyamba chinali Chifalansa.

Apa ndi pamene "Yezu" akumvekera bwino. M'Chifalansa lembo la s likakhala pakati pa malembo a liwu awiri limatchulidwa z, ndipo ansembewo ankachita chimodzimodzi powerenga Chilatini cha pa Misa. Ku Uganda ndi ku Rwanda, kumene White Fathers anatumikiranso, Akatolika amati "Yezu" pamene mipingo ina imati "Yesu". Mawu ambiri a mumpingo, monga "Misa", "Ukaristia", "Eklezia" ndi "sakramenti", anadzera m'Chilatini, mayi wake wa Chifalansa. Pamene mipingo ina inali ndi Buku Lopatulika la mu 1922, Akatolika anadzakhala ndi Malembo Oyera mu 1966, ntchito ya wansembe wa Chifalansa Louis Villy. Mbali ziwirizi zinakumana pa Buku Loyera la mu 1998. Nyumba zosindikizira mabuku za Montfort ku Limbe ndi Likuni ku Lilongwe zinatulutsa mabuku ndi nyuzi zambiri za Chichewa, ndipo ku Chichiri kunali French Cultural Centre, malo amene magulu a zisudzo a m'Blantyre anakulirapo, omwe pambuyo pake anatchedwa Blantyre Cultural Centre.

Eni chiyankhulo abwezera h

Angerezi nawo sanamve bwino mpweya uja, popeza m'chiyankhulo chawo susintha tanthauzo. Nchifukwa chake mapu a atsamunda anali ndi Kota Kota, Nkata Bay, Cholo ndi Ncheu, mayina amene dziko litalandira ufulu anakonzedwa kukhala Nkhotakota, Nkhata Bay, Thyolo ndi Ntcheu. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, omwe anaunikidwanso mu 1980 ndi mu 1990. Malamulowa anasintha c kukhala ch ndi ch wakale kukhala tch: "cifukwa" anakhala "chifukwa", "nchito" anakhala "ntchito". Ku Zambia ndi ku Mozambique c anatsalira, kotero kuti chiyankhulo chimodzi chili ndi maonekedwe awiri papepala.

Chochititsa chidwi nchakuti ku Ulaya lembo lomweli linkayenda njira yotsutsana. Msonkhano wa ku Berlin wa mu 1901 unachotsa h wosatchulidwa m'mawu a Chijeremani monga "Thal" ndi "Thür", omwe anakhala "Tal" ndi "Tür". Mu 1990 dziko la France linaloleza "nénufar" m'malo mwa "nénuphar". Kumeneko h anali chokongoletsera cha mbiri. M'Chichewa ndi mzati wa tanthauzo. Mkonzi amene amamuchotsa poganiza kuti akupeputsa kalembedwe amasandutsa khola kukhala kola.

Bungwe la akatswiri ndi buku la mphunzitsi

Maiko awiriwa anasiyananso pa kasamalidwe ka chiyankhulo. Ku France ntchitoyi inayambira kumpando wachifumu. Lamulo la Villers-Cotterêts la mu 1539 linaika Chifalansa m'makhoti ndi m'zikalata za boma m'malo mwa Chilatini. Mu 1635 Richelieu anakhazikitsa Académie française, bungwe la anthu 40, limene linatulutsa mtanthauziramawu woyamba mu 1694. Lamulo la Toubon la mu 1994 linakakamiza kuti Chifalansa chizigwiritsidwa ntchito pa malonda ndi pa mapangano a ntchito.

Ajeremani anakhala zaka mazana ambiri opanda boma limodzi, ndipo chiyankhulo chawo cholembedwa chinakula kudzera m'mabuku, makamaka Baibulo la Martin Luther lomalizidwa mu 1534. Olemera ankachinyoza. Mfumu Frederick wa ku Prussia ankalemba m'Chifalansa, ndipo mu 1780 anatulutsa kabuku, m'Chifalansa momwemo, kodandaula kuti Chijeremani nchosasalala. Amene anadzagwirizanitsa kalembedwe anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu, Konrad Duden, ndi mtanthauziramawu wake wa mu 1880.

Pa mawu atsopano, Mjeremani amakonda kulumikiza mawu akale: "Krankenhaus" ndi nyumba ya odwala, "Flugzeug" ndi chida chouluka, "Fernseher" ndi choonera zakutali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 a positi ofesi ndi a njanji anachotsa dala mawu a Chifalansa, ndipo "Billett" analowedwa m'malo ndi "Fahrkarte". Mfalansa amakonda kutapa m'nkhokwe ya Chilatini ndi Chigiriki: dzina la kompyuta, "ordinateur", analipereka mphunzitsi wa Chilatini Jacques Perret mu 1955. Chichewa chili ndi njira zonse ziwiri. Mawu ngati "mlowam'malo", "mphatikiram'mbuyo" ndi "mtanthauziramawu" ndi olumikiza, monga a Chijeremani, pamene "wailesi yakanema" ndi "nyumba ya malamulo" ndi ofotokoza ndi timawu tolumikizira, monga momwe Mfalansa amanenera "chemin de fer", njira ya chitsulo, potanthauza njanji.

Malamulo akakumana ndi alembi

Njira zonse ziwiri zinapunthwa pa mwala umodzi. Kusintha kwa ku France kwa mu 1990, komwe kunalola kusiya kachizindikiro kakadenga pa i ndi u m'mawu ambiri, kunakhala zaka zambiri kosatsatidwa, ndipo kunautsa mkangano mu 2016 pamene kunalowa m'mabuku a sukulu. Maiko oyankhula Chijeremani anasaina mgwirizano wosintha kalembedwe ku Vienna mu 1996, koma alembi ambiri otchuka anakana. Anthu a m'chigawo cha Schleswig-Holstein anaukana povota mu 1998, ndipo nyuzi ya Frankfurter Allgemeine Zeitung inabwerera ku kalembedwe kakale mu 2000. Bata linabwera bungwe latsopano lokhala ndi aphunzitsi, alembi ndi osindikiza litakhazikitsidwa mu 2004 ndi kuunikanso malamulowo mu 2006.

Chichewa nacho chili ndi kadenga kake, ka pa ŵ. Kanali kuimira liwu lenileni la oyankhula ena, koma alembi ambiri anakasiya, chifukwa makina ambiri otayipira analibe lembolo ndiponso anthu a m'madera ena salitchula. Chichewa Board inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi mu 1996, ndipo bungwe latsopanoli linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu m'chiyankhulo chomwecho.

Mawu omaliza

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ajeremani anabweretsa luso lofananiza ziyankhulo ndi mfundo ya liwu limodzi, lembo limodzi. Afalansa anabweretsa khama lokhala pakati pa anthu, kusindikiza mabuku, ndi chitsanzo cha bungwe loyang'anira chiyankhulo. Koma aliyense anamva Chichewa ndi khutu la kwawo, ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene chiyankhulo chake chinamukonzekeretsa kusiyanitsa "bala", "pala" ndi "phala". Mwana wa ku Zingwangwa amasiyanitsa mawu atatuwa asanayambe sukulu.

Choncho mphunzitsi wophunzitsa h ayambire pa khutu la ophunzira ake, powatchulitsa mawu awiriawiri ofanana asanawalembe pabolodi. Mkonzi wopeza buku lakale afunse kaye kuti mlembi wake anali wa chiyankhulo chanji asanaweruze kuti mawu ena anasintha. Wopanga mawu atsopano ayese njira yolumikiza ndi yofotokoza asanabwereke, ndipo akabwereka alembe mawuwo monga momwe eni chiyankhulo amawatchulira. Opanga malamulo nawo akumbukire zomwe zinachitika ku Paris ndi ku Vienna, kuti lamulo la kalembedwe limagwira ntchito pokhapokha aphunzitsi, alembi ndi akonzi atalivomera ndi kulitenga ngati lawo.